Khadi la Kabatani Silinasowe

Wokondedwa mng'ono wanga,

Ndiyambe ndi moni. Uli bwanji kumeneko, iwe ndi alamu anga? Mapasa aja akukula bwanji? Amayi anandiuza pa foni kuti ayamba kuyenda, ndipo anandifotokozera kawiri konse, ngati kuti wanga sanayendepo. Nanga mwendo wa amayi uja ukuti bwanji chisamukireni kwanuko?

Kuno tilipo. Bambo a Kabatani ali bwino, akuyendetsabe basi yomwe ija. Kabatani wachira, ngakhale khungu likusupukabe, ndipo waonda moti diresi lomwe unamutumizira lija likumukulira.

Udabwa kuti ndakulembera kalata pamene foni ilipo. Pa foni umandidula mawu. Sudziwa kuti umatero, koma umatero, ndipo ndikanangoti chikuku ukanayamba kundiphunzitsa. Papepala pano ulibe pakamwa, ndiye uwerenge mpaka pansi.

Amayi anakuuza kuti Kabatani anadwala chikuku ngakhale anabayitsa katemera, ndipo ndamva kuti unadabwa. Usadabwe. Sanabayitse. Khadi lake la kusikelo silinasowe posamuka monga ndakhala ndikuuzira anthu. Nthawi yonseyi linali m'kabati, pansi pa nsalu za pabedi, ndipo pamzere wa chikuku panalibe cholembedwa.

Ukukumbuka tsiku lija unabwera kudzationa iye ali ndi miyezi isanu ndi inayi? Unali utangoweruka, yunifolomu yoyera ili m'thupi, kawotchi kakulendewera pachifuwa. Amayi anali kwathu mwezi umenewo. Utangolowa nyumba yonse inakhala yako. Amayi anachoka pampando wabwino kuti ukhalepo iwe. Mwamuna wanga, amene sandifunsa ngakhale ndigone ndi mutu tsiku lonse, anapinda thalauza n'kukuonetsa bondo lake. Ine ndinali nditawasokera amayi diresi, masiku anayi ndili nalo, ndipo ndinaliyala pampando womwewo kuti anthu alione. Unalitsamira mpaka linakwinyika.

Kenako unanyamula mwana wanga, n'kumutembenuza uku ndi uku ngati chinthu chogula pamsika, n'kufunsa pamaso pa onse ngati ndinakamubayitsa wa chikuku. Ndisanatsegule pakamwa amayi anati ndizimvera Adokotala. Iweyo Adokotala, namwino amene ndinkakupukuta mamina ine.

Ndinayankha kuti ndipita Lachiwiri. Lachiwiri litafika ndinamuberekadi mwanayo, ndinafika mpaka pa geti la chipatala. Nditaona anamwino ovala zoyera ngati iwe akukalipira azimayi pamzere, miyendo inabwerera yokha. Bambo ake ndinawauza kuti wabayitsa.

Masiku amenewo pa mafoni pankayenda mauthenga akuti katemerayu amatseka mimba za ana aakazi akadzakula, ena akuti amapusitsa ana. Azimayi awiri a mumsewu wathu anakana poyera. Ine sindinakhulupirire kwenikweni, ndisaname. Koma ndinkawawerenga mtima uli myaa, chifukwa ankanena kuti anthu ngati iwe sadziwa zonse. Zaka zitatu zinadutsa mwana ali bwinobwino, wonenepa, wamasaya. Ndinkadziuza kuti pamenepa pokha ndakuposa.

Tsopano ndikuuze za Wobwera. Ndi mmene timamutchulira kuntchito. Anafika miyezi isanu yapitayo kuchokera kutsidya kwa malire, iye ndi mwamuna wake, mwana wamkazi wa kusukulu ndi khanda kumsana. Chilankhulo chathu amachiyankhula mothyokathyoka. Abwana anamuyesa ndi zipi ya siketi, ndipo anaisoka osaika ngakhale phini imodzi. Sabata isanathe anamupatsa mashini a pazenera.

Shopu yathu ukuidziwa. Mashini asanu, tebulo lodulirapo pakati, simbi pakona, zenera limodzi lokha. Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala pa mashini a pachitseko, pomwe fumbi la mumsewu limafikira poyamba, ndikudikira kuti mayi wachikulire wa pazenera apume. Anapumadi, malo n'kupita kwa munthu wosadziwa ngakhale kuyankha moni bwinobwino.

Madiresi onse a ukwati anayamba kupita kwa iye. Ine mayunifolomu a sukulu ndi kupinda mathalauza. Makasitomala ankalowa n'kundidutsa ngati ndine mlonda. Chondiwawa kwambiri n'choti amasokadi. Tsiku lina atatuluka ndinatembenuza diresi lomwe ankasoka kuti ndipeze polakwika, ndipo mkati mwake munali mosalala kuposa kunja kwa anga. M'chifuwa munanditentha monga munkanditenthera amayi akamaonetsa alendo malipoti ako a kusukulu.

Mwezi watha Kabatani anayamba kutentha thupi, chimfine, kutsokomola, maso ofiira ngati walira tsiku lonse. Mumtima ndinadziwa. Koma kupita kuchipatala kunali kukaonetsa khadi. Ndinagula mankhwala oziziritsa thupi pagolosale, n'kumapita naye kuntchito chifukwa kunyumba kunalibe womusiyira.

Ndinkamugoneka pansi pa tebulo lodulirapo, pa zidutswa za nsalu. Pomwepo ndi pomwe Wobwera ankaika dengu la khanda lake. Masiku atatu anagona moyandikana, Kabatani akutsokomolera pomwepo. Tsiku lachinayi zidzolo zitadzaza kumaso ndinakhala naye kunyumba, n'kuwauza abwana kuti ndi malungo.

Patatha masiku khumi ndi awiri khanda lija linadwala. Linali ndi miyezi isanu ndi iwiri yokha, lisanafike poti n'kubayitsa. Mayi wake anathamanga nalo kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo anamuuza kuti ndi chikuku. Sabata yomweyo ana ena atatu mumsewu wathu anagwa nacho.

Apa uwerenge pang'onopang'ono. Mayi wa pasimbi anafunsa kuti matenda omwe tinawaiwala kalekale achokera kuti. Ine ndinali ndikulowetsa ulusi mu singano. Osadzutsa mutu ndinati anthu obwerawa amalowa opanda mapepala, ndiye ndani akudziwa zomwe anyamula. Ndinangonena zomwezo basi.

Mayi wa pasimbi pakamwa pake ndi wailesi. Pofika Lachisanu msewu wonse unali ukuimba nyimbo yomweyo. Wogulitsa masamba anabweza mwamuna wa Wobwera chimanjamanja. Mwana wake wamkulu anzake anamuthawa pabenchi m'kalasi. Mkwatibwi wina anabwera kudzatenga diresi lake lisanathe, n'kulinyamula ndi zala ziwiri. Abwana anatumiza uthenga kuti Wobwera ayambe wakhala kaye kunyumba.

Mashini a pazenera anandipatsa ine. Sindikubisira, mng'ono wanga, tsiku loyamba ndinasangalala. Kuwala kunkagwera pa singano penipeni. Ndinalumikiza manja a diresi la ukwati ndikuimba, khanda la mwini mpandowo lili pa mpweya kuchipatala, chikuku chitabweretsa chibayo.

Lolemba lotsatira kunabwera bambo wa zaumoyo, wamtali, chikwama paphewa. Ankayenda khomo ndi khomo kufunsa tsiku lomwe mwana aliyense anayamba kudwala ndi kuona makhadi. Abwana anamuuza kuti asadzivutitse, komwe matendawa achokera n'kodziwika.

Bamboyo anati wangochokera kumene kwa Wobwera, ndipo khadi la mwana wamkulu uja ndi lodzaza, chidindo chilichonse chilipo. Mayiyo anawoloka nalo malire atalikulunga m'pulasitiki mkati mwa bulauzi, pamene mashini ake omwe anawasiya. Bamboyo anati n'zoona kuti obwera ena amafika osabayitsa chifukwa kwawo zipatala zinasiya kugwira ntchito, ndipo amenewo akuwabaya tsopano. Koma mumsewu wathu ana ambiri omwe wawapeza opanda katemera anabadwira pompano, makolo awo anachita kukana. Kenako anafunsa ngati pali mwana wina amene ankabwera m'shopu muno.

Mayi wa pasimbi anayang'ana pansi pa tebulo, kenako anayang'ana ine. Ndinati ndi Kabatani wanga, koma khadi lake linasowa posamuka. Bamboyo sanatsutse. Anafunsa tsiku lomwe Kabatani anayamba kutentha, analemba, anawerenga masiku ndi nsonga ya cholembera, n'kundiyang'ana kanthawi. Bola akanandikalipira. Anangoti ndibwere naye mwanayo Lachinayi.

Lachitatu ndinapita ku wodi ya ana. Wobwera anali pa kampando pambali pa bedi, akusoka pamanja kachipewa kotchinga kuwala. Khandalo anali atalichotsa pa mpweya, koma m'diso lakumanzere munali kamtambo koyera. Mawu onse omwe ndinakonza m'basi anandithawa. Ndinangoti Kabatani ndiye anayamba, sanabayitse, ndipo za mapepala zija ndinanena ndine.

Sanasiye kusoka. Anati ankadziwa kale. Tsiku lachitatu lija, ine nditapita kukagula ulusi, Kabatani analira, iye n'kumunyamula, ndipo anaona zidzolo kuseri kwa makutu. Anachotsa dengu lake nthawi yomweyo, koma mwayi unali utapita. Ndinamufunsa chifukwa chake anakhala chete pamene anthu ankamuloza chala.

"Ndikanena, amvera ndani?" anatero. "Inu ndinu a pano. Komanso wanu nayenso mwana. Akanaloza iyeyo."

Ndinatuluka osatsanzika. Pakhonde la wodiyo, pomwe munthu wabwino akanalirira khandalo, ine chomwe chinandigwira poyamba ndi nsanje. Ndinati ha, ngakhale mtima womwe wandiposa. Misozi inabwera pambuyo, ndili m'basi.

Lachinayi ndinapita ndi Kabatani, ndi khadi lenilenilo. Namwino analitsegula, n'kundiyang'ana. Anamuona mwanayo m'maso ndi m'kamwa, anamudonthezera mankhwala pa lilime, n'kutipatsa tsiku lobwereranso.

Lachisanu ndinawauza abwana zoona zonse pamaso pa onse. Ndinachita kudikira kuti mayi wa pasimbi akhalepo, kuti nkhaniyi ithamange monga inathamangira yoyamba ija. Koma iyi ikuyenda chotsimphina. Wogulitsa masamba akunenabe kuti ndi obwera.

Abwana sanandichotse ntchito, mayunifolomu ndi ambiri nyengo ino. Anangondibwezera pachitseko. Anatumiza uthenga kwa Wobwera kuti abwerere, ndipo wayankha kuti aganiza kaye. Mashini a pazenera awaphimba ndi nsalu.

Bambo a Kabatani anamvera kwa kondakitala wawo, ine ndisanapeze poyambira. Sanakalipe. Anangofunsa kuti Lachiwiri lija ndinapita kuti ndi mwana wawo. Chiyambire tsiku limenelo amadya n'kudzuka, ndipo Kabatani amamusambitsa okha.

Ndili ndi zopempha ziwiri.

Choyamba ndi diso lija. Madokotala akuti kamtamboko mwina kachepa, mwina ayi. Amayankhula mofulumira, Wobwera samva zonse, ndipo ine ndikawafunsa ndimangomva phokoso. Dzulo ndinapitanso, ndipo anandilola kukopera zomwe analemba pa pepala la khandalo. Zili kuseri kwa tsamba lino, chilembo ndi chilembo. Uwerenge, ukafunse madokotala a maso kuntchito kwako, undilembere m'mawu oti telala amve, kuti ndikamufotokozere. Chibadwire chako sindinakupemphepo kuti undiphunzitse kanthu.

Chachiwiri, amayi usawauze, ndipo kalatayi usaisiye patebulo. Ndibwera ndekha kumapeto kwa mwezi ndidzawauze pamaso. Nkhani zanga zonse amazimvera kwa iwe, utazichapa kale n'kuzisita. Iyi ndi yonyansa, koma ndi yanga, aimve pakamwa panga.

Poyankha usalembe kuti unanena. Ndikudziwa kuti unanena. Ndipo sindikulonjeza kuti nsanje yandichoka. Ngakhale pano ndikudziwa kuti kalata yako ibwera yosafufuta paliponse, zilembo zili ndondondo, ndipo ndidzaiyang'ana kaye ndi diso loipa ndisanaiwerenge. Koma ulembe, ndipo usachedwe.

Upereke moni kwa alamu anga. Mapasa uwanyamulire m'malo mwanga, ndipo ngati msinkhu wakwana ndikudziwa kuti unawabayitsa kale, sindifunsa. Amayi uwauze kuti Kabatani akudya bwino ndipo akuwafunsa. Mulungu akusungeni nonse m'nyumbamo.

Ukamapemphera utchuleko khanda la Wobwera. Dzina lake ndalifunsa dzulo, ndipo mayi wake anachita kulibwereza katatu kuti ndilitchule bwino. Ndalilemba kuseri komweko, pamwamba pa mawu a madokotala.

Ndine mkulu wako,
Mayi a Kabatani