Oswell, Senta Wathu wa ku Mpanshya

Mpanshya,
Rufunsa.
25 Ogasiti, 1996.

Okondedwa akulu anga a Bornwell,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa alamu ndi wa ana kumeneko ku Kitwe. Ife kuno tili bwino. Amayi msana unasiya kuwavuta, chimanga tinakolola chokwanira, ndipo ine ndikuphunzitsabe pasukulu paja.

Kalata yanu inafika. Ndinawawerengera amayi, mlongo wathu Leah ali pomwepo akusankha nyemba. Nditafika paja munalemba kuti simungapereke mlongo wanu kwa munthu amene amangoima pansi pa ringi ya basiketibolo ngati mtengo wa malaiti, amayi anaseka, koma Leah anasiya lichero n'kutuluka panja. Chimwalirireni atate, inu ndinu atate athu, ndipo mawu anu sitingawalumphe. Ndikungopempha kuti mumve zimene zachitika kuno mwezi uno, kenako muweruze.

Oswell mukumukumbukira, wamtali uja wa ku Shikabeta amene amapala matabwa pamishoni. Zoti ankangoima pansi pa ringi ndi zoona, chifukwa m'timu yathu ya basiketibolo tinkadziwa kuti ntchito ya senta ndi yomweyo. Ine pokhala wamfupi ndinkathamanga ndi mpira n'kuuponya m'mwamba, iye n'kuuwakha n'kuugwetsera muringi. Anzathu a timu ina akangomuzungulira, nzeru zathu zinkathera pomwepo.

Kumayambiriro kwa mwezi uno basi ya timu ina yaikulu ya ku Lusaka, ya osewera olipidwa ndi kampani, inafera pafupi ndi Chinyunyu popita ku Chipata. Podikira kuti ikonzedwe, anabwera kuchipatala kuno ndi senta wawo, amene anadzipweteka phazi potsika basiyo. Kochi wawo, a Festus, ataona bwalo lathu anapempha kuti anyamata awo awongolepo miyendo. Oswell anali chapafupi, utuchi uli m'mutu. A Festus anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, nati, "Ba kalipentala, tibwerekeniko utali wanu lero."

Akulu, tsiku limenelo ndinaona masewera amene ndinkaganiza kuti ndimawadziwa. A Festus anamuchotsa Oswell pansi pa ringi n'kumuimika chapambali, atafulatira ringiyo, nkhope ili kwa anzake. Analamula kuti wina asaponye kuringi mpira usanadutse m'manja mwa senta.

"Mukaulandira musafulumire," anamuuza. "Mumve ndi msana kuti wokutchingani ali mbali iti. Akakhala yekha, tembenukani mugoletse. Akabwera wachiwiri kudzamuthandiza, ndiye kuti mnzanu wina watsala yekha kwinakwake. Mumupeze."

Poyamba zinamukanika. Miyendo inkamubwezera kumalo ake akale, mpira anamulanda kangapo, ndipo anthu odikira odwala amene anakhala m'mbali mwa bwalo anayamba kuseka. Oswell sanakwiye. Anapukuta manja pakabudula n'kufunsa kuti, "Ndikafulatira, ringi ndiiona bwanji?"

"Ringi sisamuka," anayankha a Festus. "Amene amasamuka ndi anthu. Yang'anani anthu."

Pasanapite nthawi analandira mpira, anyamata awiri a ku Lusaka n'kumukanikiza kumbuyo. Anadikira pang'ono, kenako anaudutsitsa m'khwapa mwa mmodzi wa iwo kupita kukona, kumene mnzake anaima yekhayekha. Mnzakeyo atauponya, unalowa bwinobwino. Kuseka kuja kunatha. A Festus anamuphunzitsanso china. Ankamuitanira kutali ndi ringi kuti aime nji ngati chipupa. Wothamangitsa mnzake wa Oswell akagunda pa iye, mnzakeyo ankadutsa, ndipo iye ankatembenuka kuthamangira kuringi manja ali m'mwamba. Chakumapeto anandilowetsa inenso. Oswell ananditchingira njira, onse anathamangira kwa iye, ndipo ine ndi ufupi wangawu ndinangoyenda mpaka pansi pa ringi popanda wondikhudza. Ndinagoletsa ndikuseka ndekha.

Asananyamuke, a Festus anamuitanira pambali, ine ndikumva. Anati utali amaupeza paliponse, koma wamtali wamaso amasowa. Anamulonjeza malo m'timu, komanso ntchito ya ukalipentala pakampani yawo, m'mawa kumatabwa, masana kubwalo. Oswell anayang'ana pansi nati, "Ndiyambe ndamva kwa Leah ndi kwa akulu ake."

"Iwo ndiwo amaponya mpira?" anafunsa a Festus uku akumwetulira.

"Ayi, koma ndi amene ndidzakhale nawo mpira ukadzatha."

Sabata yatha a Festus anamuitanira ku Lusaka kuti akamuyese, ndipo ndinamuperekeza pa minibasi. Anasewera m'holo yokhala ndi denga, pansi posalala ngati tebulo. Iye sanagoletse zambiri. Munthu wongoyang'ana zigoli akanati anapitira ulendo wachabe. Koma nthawi zonse akalowa, anzake ankapeza mpata, ndipo akatuluka kukapuma mpira unkangozungulira kunja osadziwa polowera. Timu yake inapambana. Senta wawo wakale uja, phazi lili m'bandeji, anamugwira dzanja n'kumuuza kuti adzagawana ntchito. Pepala la mgwirizano anamupatsa, koma Oswell sanasaine. Amupatsa mpaka kumapeto kwa Seputembala, ndipo wati mukakana, abwerera kumatabwa ake kuno n'kudikira mpaka mtima wanu udzatsike.

Ndikudziwa chimene chikukuopsani, akulu, ngakhale simunachilembe. Bondo lanu litathyoka muja, timu ya kumgodi inakuiwalani msanga, ndipo alamu anavutika nanu zaka zija. Simukufuna kuti Leah adzaone zomwezo. Ndinamuuza zimenezi tikuchokera kutchalitchi. Titafika pamphambano, Leah anati, "Mukawalembere kuti ine sindikukwatiwa ndi mpira. Bondo likadzatha, manja opala matabwa adzatsala. Muwauzenso kuti chitseko cha amayi anakonza ndi iye, pamene ana awo aamuna onse ankangochikankha ndi phewa." Mawu amenewa ndawalemba monga anawanenera, ngakhale akundikhudza inenso.

Amayi sakufuna kukutsogolerani. Amangoti mnyamatayo amadya mwaulemu ndipo polowa m'nyumba amawerama popanda kudandaula za kufupika kwa khomo. Zoti ndi Msoli, ife ndife a ku Katete, iwo akuti takhala m'dziko la Asoli zaka zonsezi tikumwa madzi awo.

Za ine musadere nkhawa. Timu yathu itsala yopanda senta, koma ndayamba kale kuphunzitsa Phinias, wophika wa kuchipatala, kufulatira ringi. Ndi wamfupiko koma ndi wojintcha, samukankha wamba. Leah akadzapita, pakhomo padzakhala zii, poti ndiye amatiyambitsa nyimbo madzulo. Ndidzazolowera. Lusaka si kutali, minibasi zimadutsa pamsewu tsiku lililonse, ndipo mtima wanga uli m'malo. Ndasewera ndi munthuyu zaka zambiri ndipo sindinamuonepo akukana kupatsira mnzake amene ali pabwino.

Pempho langa ndi lakuti mubwere nokha mwezi wa mawa, mudzakhale naye pansi. Pobwera mutitengereko mpope wa mpira ngati ungapezeke kumeneko, wathu unatha mphira.

Mupereke moni kwa alamu a Edness, muwauze kuti nsawawa zawo tazisunga. Moni kwa Carol ndi Musa, alimbikire sukulu. Amayi akuti tambala wamkulu uja sadzaphedwa mpaka inu mutafika, kaya mubwera ndi inde kaya ndi ayi. Leah wati ndilembe moni wake pawokha, osauphatikiza ndi wa wina aliyense, ndipo akuti amakupemphererani ngakhale munamukwiyitsa. Oswell nayenso wapereka moni. Ndinamufunsa kuti ndilembe kuti wachokera kwa yani, kwa kalipentala, kwa senta kapena kwa mlamu. Anati ndilembe dzina lokha, zinazo mudzawonjezera ndinu.

Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Gershom.