Akaunti ya Melvin

Lolemba, 4 Ogasiti

Ndayatsa foni ya Melvin lero, koyamba chimuikireni m'manda. Amayi sakufuna n'kuiona komwe. Galasi linang'aluka pakona tsiku la ngozi lija, koma ikugwirabe ntchito. Nditangolumikiza intaneti, gemu yake yowomberana ija yatumiza uthenga wakuti Chrispine, mnzake wa Melvin, akundiitana kukasewera. Ndangokhala pansi pakhonde. Posakhalitsa Chrispine waimba. Akuti anaona dzina la Melvin layaka pa gemu, chala n'kungodina chokha. Ndamuuza kuti ndine Tisungeni, mchemwali wake. Wapepesa mpaka ndachita kumuletsa.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Ankasewera atatu akaweruka kuntchito: Melvin kuno ku Chitawira, Chrispine ku Chimwankhunda, Dauda pashopu yake ya machaja ku Limbe. Ine ndinkangomva mlongo wangayo akukuwa kuchipinda kwake, amayi n'kumamenya chitseko. Nyumba yangoti zii masiku ano.

Ndawapempha kuti ndizilowa m'malo mwake, pa akaunti yake yomweyo. Dauda wafunsa, "Achemwali, gemu munaigwirapo?" Ndati ayi. Iye wati chabwino.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Tasewera. Kunena zoona, asewera iwo, ine ndimangofa. Ndikangotera pabwalo la nkhondo, wina wandiwombera kale, sindikumuona n'komwe ali. Mahedifoni a Melvin akununkhirabe mafuta ake a m'mutu.

Nkhondo itafika povuta Dauda wakuwa kuti, "Mel, kumanzere!" Tonse tasiya kudina. Tafera pomwepo.

Loweruka, 9 Ogasiti

Chrispine wabwera kudzaona amayi, wawagulira shuga ndi buledi. Pomuperekeza kokwerera minibasi ndamufunsa ngati ndine mbuli chonchi kapena anthu a m'gemumo ndi afiti. Waseka pang'ono, koyamba.

Akuti gemuyo imasunga mbiri ya aliyense: umawombera molondola bwanji, umapambana kangati, umakhalitsa bwanji usanafe. Ikatero imakufunira adani a msinkhu wako. Mukalowa ngati gulu imayang'ana nonse, koma imakokera kwa amene ali katswiri, kuti akatswiri asamabisale kumbuyo kwa anzawo ofooka n'kumazunza ongoyamba kumene. Katswiri pagulu lawo anali Melvin.

"Ndiye ikukupatsani adani a Melvin, achemwali. Iyo ikudziwa kuti ndi iyeyo."

Ndabwerera kunyumba ndikumva kukoma kodabwitsa. Ku banki anatseka kale akaunti yake, kuntchito kwake analemba wina. Kwatsala malo amodzi kumene sanauzidwe.

Lamulungu, 10 Ogasiti

Amvano anabwera kudzapemphera ndi amayi. Ine ndinali kuchipinda kwa Melvin, kuphunzira kulozetsa mfuti.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Taluza, taluza, taluzanso. Dzulo chimodzimodzi. Lero Dauda watumiza uthenga kuti ku Limbe magetsi azima, foni ilibe moto. Koma pa gemu dzina lake linali loyaka, akusewera ndi gulu lina. Ndalira ngati mwana, m'bafa, mpopi uli wotsegula kuti amayi asamve.

Chrispine akuti ndisamuweruze. Tikamagonja limodzi, mlingo wa Dauda nawo ukutsika, ndipo anauvutikira nthawi yaitali. Komanso akuti Dauda anamuuza kuti sangathe kumaona dzina la Melvin likugwa pansi tsiku ndi tsiku, munthu amene ankawadzutsa iwo akagwa.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Kuofesi ku Mandala abwana andipeza ndikuonera mavidiyo ophunzitsa gemu nthawi ya nkhomaliro. Angondiyang'ana n'kudutsa.

Madzulo Dauda wabwerera yekha, osaitanidwa. Ndipo tapambana. Ine ndagwetsa anthu awiri ndi manja angawa. Ndadumpha pabedi, ndathamangira kukauza amayi, iwo angoti, "Zili bwino, mwanangu," osadziwa kuti ndikukamba chiyani. Tasewera kachiwiri, tapambananso. Koma adani ake anali achilendo. Wina amathamangira kukhoma, wina wangoima pabwalo kumandiyang'ana, ngati mmene ndinkachitira ine Lachisanu lapitali.

Anyamata aja sanasangalale. Ndafunsa kuti vuto n'chiyani. Dauda wazimitsa maiki yake. Chrispine ndiye wayankha.

"Mukamagonja kawirikawiri imakutsitsani pang'onopang'ono, mpaka ikupezereni anthu oti mungalimbane nawo. Yatitsitsa."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Yazindikira kuti si iyeyo."

Ndatsegula tsamba la mbiri ya Melvin. Chizindikiro chagolide chimene anandionetsa monyadira pa Khrisimasi palibe, pali china chotuwa. Ndachichotsa ndine, ndi zala zanga, ndikuganiza kuti ndikumusunga.

Lachisanu, 15 Ogasiti

Sindinayatse gemu. Chrispine waimba, sindinayankhe.

Loweruka, 16 Ogasiti

Ndakwera minibasi mpaka ku Limbe, pashopu ya Dauda. Ndamufunsa ngati angasewere pa akauntiyo kuti chizindikiro chija chibwerere. Wapukusa mutu. "Ndingathe mwina, achemwali. Koma chikhala changa, osati chake." Watenga foni yanga, waikamo gemuyo, wanditsegulira akaunti yangayanga. Dzina ndalemba ndekha. Akuti ndiyamba ndi anzanga ongoyamba kumene, ndipo iwo azindilowetsa m'gulu Loweruka lililonse, ngakhale adani atakhala ondiposa.

Nditafika kunyumba ndinafufuza dzina la Melvin pa gemu yanga n'kutumiza pempho loti tikhale mabwenzi. Ndinaiwala kuti foni yake ndinaisiya yoyatsa patebulo la pabalaza. Inalira kaphokoso kake kaja. Amayi anatulukira kuchokera kukhitchini, manja ali onyowa, n'kuima pakhomo akuyang'ana foniyo.

"Akumufuna ndani?"

"Ndine, amayi."

Anapukuta manja pachitenje, anainyamula koyamba. Anandifunsa podina kuti avomere pempholo. Ndinawalozera, anadina okha.