Mawu Anu Akugulitsa Sopo

Amayi, kodi kwacha bwanji kumene muliko?

Kuno tilipo. Ndiyambe ndi zabwino, paja munkadana ndi munthu wofika ndi nkhani yoipa asanakhale n'komwe pansi. Mpongozi wanu, mkazi wa Yamikani, adachira mwezi watha. Ndi mwana wamkazi, amutcha dzina lanu, ndipo akakwinya nkhope tonse timakhala chete ngati talakwa. Kamunda kanu Atate adalima okha. Chimanga chidagonja ndi udzu, koma mbatata yachita bwino moti ina adagawira anansi. Denga la khitchini kwathu ku Buchi, ku Kitwe, likudonthabe pamalo pomwe paja, ndipo Atate akuti alikonza sabata yamawa, monga ankanenera inu mulipo.

Ine ndikadali ku Ndola, pantchito ija munkauza amayi a Mvano kuti, "Tiyamike wanga amalipidwa chifukwa choseweretsa foni." Simunkalakwitsa kwenikweni. Makampani amatibweretsera katundu wawo, ife timapanga timakanema tomutsatsa pamasamba a mchezo, kenako timakhala tikuyang'ana kuti aonera anthu angati. Zokonda za anthu zimasintha ngati nyengo. Chaka chatha kasitomala aliyense ankafuna atsikana otchuka ovina atanyamula katunduyo. Chaka chino anthu atopa nawo, akufuna kumva munthu wamba, wolankhula ngati mayi amene umakumana naye pampopi.

Apa ndiye pali nkhani imene ndakhala ndikuizungulira.

Tidalandira ntchito yotsatsa sopo wa ufa. Bwana wathu, a Mwila, adati pakufunika mawu a mayi wachikulire pofika Lachisanu. Tidayesa amayi atatu, onse ankawerenga ngati aulutsi a nkhani za pawailesi. Tsono kuofesi tili ndi pulogalamu yatsopano ya pakompyuta. Imamvera munthu akulankhula kwa mphindi zochepa, ikatero imanena chilichonse chimene walemba, m'mawu a munthu yemweyo. Amayi, palibe adandikakamiza. Ndidakweza dzanja ndekha. M'foni mwanga muli mauthenga anu a mawu, aatali aja amene ndinkatha masiku osawatsegula. Ndidasankha umene munkandikalipira kuti sindidabwere pa Pasaka, chifukwa ndi umene unkamveka bwino, wopanda phokoso la tambala.

Pulogalamuyo itaumvera uthengawo, mudalankhula Chibemba chosalala, inu amene Chibemba chanu chinkaseketsa ogulitsa tomato pamsika wa Buchi zaka zonsezo. "Mwe banamayo," mudatero poitana amayi anzanu, n'kuyamba kutamanda sopo wa ufa. Inuyo, amene munkati sopo wa ufa ndi wa aulesi, n'kumachapa ndi wouma uja wodula ndi mpeni mpaka manja kusuwa! Kanemayo adafala. Kasitomala adakondwa, kumsonkhano adandiombera m'manja, ndipo sindinama, ndidamva kukoma. Anthu ankalemba kuti, "Agogo awa akundikumbutsa mayi anga," ine n'kumawayankha ndi timitima tofiira.

Pantchito yathu timasankha tokha oti aone kanema: akazi, a msinkhu wakuti, a m'tauni yakuti. Kitwe ndidaichonga ndi chala changa chomwechi, osaganiza kuti ku Buchi nakonso kuli mafoni. Amayi Phiri, mnzanu wa ku Mvano uja, adamuona kanemayo n'kuthamangira kwa Atate, chitenje chili m'manja. Atate adandiimbira cha m'ma teni, ndili pakati pa anzanga.

"Tiya, ndi amako awa?"

Ndidavomera.

"Nanga adajambula liti?"

Apa m'pamene ndikadagwada. Koma pakamwa padathamanga. "Asanadwale, Atate. Ankafuna kudzakudabwitsani."

Adaseka, kuseka kumene ndidakumva komaliza inu musanagonekedwe m'chipatala. "Mkazi ameneyu! Chibemba chonsechi ankandibisira ine?"

Kuyambira tsikulo amakumverani m'mawa uliwonse akumwa tiyi. Sopo uja agula mapaketi, awandandalika pawindo, ndipo Yamikani atafunsa adamuyankha kuti, "Amako adati ndi wabwino, iwe ndiwe ndani?" Ayambanso kumeta ndevu. Amapita kumsika kukaonetsa anzawo aja adapuma nawo limodzi ntchito ya kumgodi. Chimene chikundidya n'chimenechi, Amayi: bodza langa lawadzutsa kuposa mankhwala onse amene tidawagulira. Ndikawaona akumwetulira ndimasowa poyang'ana. Ndili ndi manyazi ngati wakuba amene mwininyumba akumuthokoza.

Loweruka likubwerali tikuvundukula mwala wa pamanda anu. Atate apempha kale sipika kwa akulu a mpingo, akuti anthu adzamve mawu anu komaliza. Andiuzanso kuti ndidzabweretse zina, poti munthu sangajambule kamodzi kokha. Dzulo pa nthawi ya nkhomaliro anzanga atatuluka ndidatsegula pulogalamu ija n'kulemba kuti, "Atate a Yamikani, muzidya mokwanira." Ndidadina. Mudanena, ndi kampweya komwe kaja munkakoka musanatchule dzina lawo. Ndidathawira kuchimbudzi n'kukalira. Ndikadawatumizira akadakhulupirira, ndipo mawa lake akadapempha zina, ine n'kumakulemberani zonena mpaka nawonso atatsikira kumeneko. Ndidafufuta.

A Mwila ndawauza zonse. Poyamba adati anthu akukonda mawuwo, ndisasokoneze zinthu zimene zikuyenda bwino. Nditawafunsa ngati angalole kuti achite zomwezo ndi mayi awo, adayang'ana pawindo, n'kunena kuti ndipeze mawu ena msanga. Ndapeza mayi wina wa kuno ku Kawama, wamoyo, amene wamva zonse n'kuvomera yekha. Kanema wanu achotsedwa mawa m'mawa.

Nane mawa lomwelo ndikukwera basi ya ku Kitwe. Sindiwaimbira foni, sindituma Yamikani. Ndikakhala pansi, pamkeka, n'kuwauza kuti simudajambule kanthu, kuti mawu amene akhala akumwera tiyi ndidalemba ndine pakompyuta ya kuofesi. Ndikuopa, Amayi. Sindikuopa kukalipiridwa, kumeneko n'kondiyenera. Ndikuopa nkhope yawo. Ulendo woyamba mudachoka m'nyumba muja popanda wolakwa. Ulendo uno wokakutulutsani ndine.

Ngati kumeneko mumamva za kuno, mukhale nawo pafupi Atate mawa madzulo. Ine ndikulonjeza kuti Loweruka pamanda anu, kapena tsiku lina lililonse, sipadzamvekanso mawu amene simudanene nokha.

Ndimakukondani, ndipo pepani.

Mwana wanu,
Tiyamike