Chigongono cha amayi pa chithunzi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Namitete tikudzuka ndithu, kungoti pakhomo pazizira chiwaikire amayi m'manda.

Mwapempha chithunzi chawo chomaliza. Achimwene, ndilibe. Tsiku lotsegulira chiliza cha abambo ndinatenga kamera munanditumizira ija. Monga mwa nthawi zonse, amuna anakhala pamipando, akazi pansi chakumbali. Lenzi yanga, galasi la kutsogolo kwa kamera lija, ndi yopapatiza, yojambulira munthu mmodzi. Ndinati ndibwerere m'mbuyo kuti onse alowe, koma kumbuyoko kunali mitumbira. Amalume anakuwa kuti, "Iwe, usaponde anthu agonawo!"

Ndinapempha amayi kuti asendere pakati. Anaseka n'kunena kuti, "Ine ndikhale pakati pa amuna? Jambula mwanangu, ine udzandijambula tsiku lina."

Ndinajambuladi. Dzulo ndachiyang'ana chithunzicho mpaka maso kuwawa. Amuna onse alimo, koma kwa amayi chimene chikuoneka ndi chigongono chokha ndi nsonga ya chitenje chawo chobiriwira chija.

Munafunsa za lenzi yoti mundigulire. Yokoka zakutali ija isiyeni. Mufunse yotambasuka, imene imatenga gulu lonse wojambula ali pafupi, ndipo muwauze ogulitsawo mtundu wa kamerayi kuti ikwane. Anzanga ojambula akuti imapindako nkhope za anthu okhala m'mphepete. Zilibe kanthu. Nkhope ya amayi, ngakhale yopindika, bwenzi ndili nayo lero.

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ine mng'ono wanu,
Yohane