Chipani cha Alimi a ku Shimabara

Edmonton, London
18 Febuluwale 2025

Okondedwa achimwene a Reinford,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani mukupezako bwino, ndiponso kuti mkono uja walumikizana. Kuno kukuzizira koopsa, dzuwa sitinalione sabata yonse. Kalatayi ndapatsira a Marjorie, anamwino anzathu amene akubwera kumudzi Loweruka, pamodzi ndi mankhwala a bipi a amayi. Mudabwa kuti ndalemba pamanja pamene foni ilipo. Ndayesa kangapo kukuimbirani, koma mukangoyankha ndimayamba kufunsa za mvula.

Kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito kunali mayi wina wa ku Japan, a Fumiko, a zaka 89. Anakwatiwa ndi mzungu kalekale, mwamunayo anamwalira, mwana analibe. Tawaika m'manda Lachinayi lapitali, ndipo pamaliropo tinalipo anthu asanu.

Mwezi wa Disembala ndinkawapesa tsitsi pamene alamu ananditumizira chithunzi chanu muli m'chipatala. Ndinalira pomwepo, chipeso chili m'manja. Atandifunsa ndinawauza kuti mlongo wanga anayambitsa chipani ndi anzake, ndipo anyamata a zikwanje awabalalitsa pamsonkhano chipanicho chisanathe masabata asanu ndi limodzi.

"Chathunso sichinathe miyezi iwiri," anatero.

Anandifotokozera kuti m'chaka cha 1882, ku Shimabara kummwera kwa dziko lawo, anthu ena ophunzira pamodzi ndi alimi osauka anayambitsa chipani chonena kuti anthu onse ndi ofanana. Boma linachiletsa chisanakhwime n'komwe, ndipo pambuyo pake mtsogoleri wake anamangidwa chifukwa chosindikiza malamulo a chipanicho. Agogo awo aakazi nthawiyo anali mtsikana wa zaka 17, ndipo mlongo wawo anali m'chipanimo. Chitaletsedwa, mlongoyo anapitiriza kusonkhanitsa anzake m'chisakasa chosungiramo mbatata. Mtsikanayo, poopa kuti mlongo wake aphedwa, anakauza wapolisi wina amene ankagula mazira pakhomo pawo. Wapolisiyo analonjeza kuti angowaopseza basi.

Anamangidwa anthu asanu ndi anayi. Mlongoyo anatuluka patatha zaka ziwiri akutsokomola magazi. Anamwalira atagwira dzanja la mtsikana uja, akumuthokoza chifukwa chomupititsira chakudya kundende. Sanadziwe kanthu. Agogowo anasunga nkhaniyi mumtima zaka zoposa 60, n'kudzaiulula kwa mdzukulu wawo yekha atatsala pang'ono kufa.

"Ankati bola akanawatukwana," a Fumiko anatero. Kenaka anandiyang'ana pagalasi. "Effie, kaliridwe kakoko sindikukamvetsa. Sukulira ngati munthu wolakwiridwa."

Ndinawaveka juzi n'kuwakankhira kuchipinda chodyera.

Achimwene, ndine ndinaulula malo a msonkhano wanu.

Munandiuza pafoni Lachitatu lija kuti mukumana m'tchalitchi chakale kuseri kwa chigayo, chifukwa palibe amene angakuganizireni kumeneko. Ndili m'basi popita kuntchito, m'maso mwanga munkangobwera ababa, m'mene anabwerera kuchokera kundende opanda mano, osatha kugwira khasu. Nditatsika ndinaimbira a Goodwell, msuweni wathu, podziwa kuti amayenda ndi akuluakulu andale. Ndinati akakulankhuleni, ngakhale kukuopsezani pang'ono, kuti musiye. Anandifunsa malo ndi tsiku, ine n'kuwauza. "Osadandaula asisi, tingocheza nawo," anatero. Kuyambira tsiku lomwelo sayankhanso foni yanga.

Sindinadziwe kuti kudzabwera zikwanje. Koma kusadziwa kwangako sikudzutsa aphunzitsi a Abednego, mlembi wanu, amene anatemedwa m'mutu n'kusiya mkazi ali woyembekezera. Pamaliro awo ndinatumiza uthenga wachipepeso, inu n'kuuwerenga pamaso pa anthu.

Mwina ndikanakhalabe chete ngati agogo a ku Shimabara aja. Koma sabata yatha amayi anandiuza kuti nonse mukuloza chala a Walter, chifukwa ndiwo anasunga kiyi wa tchalitchi ndipo tsikulo anafika mochedwa. Akuti denga la nyumba yawo latenthedwa, ana awo akugendedwa popita kusukulu, ndipo inuyo munawabweza atabwera kudzakuzondani. A Walter alibe mlandu. Chonde, kalatayi mukangoiwerenga, pitani nayo kwawo. Muiwerengenso pamaso pa anzanu onse otsala, musadumphe dzina langa. Amayi okha ndikupempha kuti muwauze nokha, mwapang'onopang'ono, atamwa kale mankhwala.

A Fumiko anamwalira ndisanawauze. Tsiku lawo lomaliza sankandizindikiranso, ankangolankhula chilankhulo chakwawo, ndipo panalibe womva.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Kwa a Walter mukanene kuti ndagwada. Kwa akazi a malemu Abednego sindikudziwa choti mukanene. Ndamva kuti mwana wabadwa, wamkazi. Tchuthi changa ndi cha mu Ogasiti. Ngati simufuna kuti ndidzafikire pakhomo panu, mudzangouza a Marjorie, ine ndidzamva.

Ndine mlongo wanu, ngati mukundiyesabe choncho,

Effie