Laputopu ya Malemu Alamu

LACHITATU

Chilungamo ndi Gracian

09:12 Chilungamo: aise fulashi yatheka, ubuntu yalowa. ndadina f12 ikuoneka

09:14 Gracian: bho. windows usaichotse, tingoipanikiza ipereke malo. ukayatsa uzisankha wekha, windows kapena ubuntu

09:15 Chilungamo: a lecturer akuti lolemba wopanda linux, ubuntu yomweyi, asaponde mu lab

09:16 Gracian: backup wapanga?

09:16 Chilungamo: dzulo. foda yonse ya alamu ndakopera pa fulashi

09:17 Gracian: alamu ake ati

09:19 Chilungamo: malemu a Isaki, amuna a achemwali Jane. laputopu ndi yawo, achemwali angondibwereka. muli zithunzi za ukwati, mavidiyo akusewera ndi mwana wawo Tiko, zonse. foni yawo inaphwanyikira pangozi pomwepo nde kwina kulibe

09:19 Chilungamo: anati ndikakhudza fodayo andidula zala kkk

09:20 Gracian: batire ili bwnj

09:20 Chilungamo: inafa kalekale. imayendera chaja, ukagwedeza waya yazima

09:21 Gracian: eish. magetsi ku Lirangwe lero?

09:21 Chilungamo: pa ndandanda akuti azima 2 koloko. nthawi ilipo

09:22 Gracian: iwe wabadwa liti kt uzikhulupirira ndandanda? bwera nayo kuno ku Chileka loweruka, ku ofesi kuli genset

09:23 Chilungamo: loweruka kuli mwambo wa chiliza cha alamu, lamulungu alendo. ndi lero basi

09:25 Gracian: chabwino, koma ndanena

10:48 Chilungamo: yandifunsa. install alongside windows kapena erase disk

10:49 Gracian: ALONGSIDE. inayo usayiyang'ane n'komwe. koka kamzereko, ubuntu uipatse 60gb

11:02 Chilungamo: ikuti resizing partition

11:03 Gracian: apa nde poopsa, ikusuntha katundu wa windows. usakhudze waya, usayetsemule

11:04 Gracian: ndege ya katundu yatera, mu shedi salola foni. ndikupeza 1 koloko

11:31 Chilungamo: aise

11:31 Chilungamo: azima

11:32 (Chilungamo waimba, sanayankhe)

11:33 (Chilungamo waimba, sanayankhe)

11:52 Chilungamo: ndabwera ku barbershop kwa a Potiphar, ali ndi genset. ndayatsa ikungoti no bootable device

11:58 Chilungamo: windows kulibe aise. sikirini yakuda

12:09 Chilungamo: a Potiphar amaikanso nyimbo m'mafoni, akuti izi amazidziwa. akuti windows yafa kale, ndingopanga erase disk poti backup ndili nayo

12:10 Chilungamo: ndidine?

12:16 Chilungamo: mafuta a genset akuti atsala pang'ono

12:19 Chilungamo: ndadina

Chilungamo ndi Jane

12:41 Jane: Chilu, tumiza chithunzi cha bambo a Tiko. osindikiza ku Lunzu akufuna aike pa pulogalamu ndi pa mwala

12:42 Jane: (uthenga wa mawu, 0:24) Usatumize cha ukwati ayi. Chija anavala shati yabuluu, akuseka, dzino lobenthuka lija likuoneka. Apongozi akufuna cha suti, koma ine munthu wa suti uja sindimudziwa. Wamva eti?

12:44 Chilungamo: ndamva achemwali, posachedwa

Chilungamo ndi Gracian

13:06 Chilungamo: ubuntu yalowa, ikuthamanga ngati yatsopano

13:11 Chilungamo: koma pa fulashi foda ya alamu sindikuiona. pali mafoda ena achilendo, boot, casper

13:24 Gracian: ndatuluka. WADINA CHANI??

13:24 Gracian: dikira. uli ndi mafulashi angati

13:25 Chilungamo: imodzi

13:25 Gracian: unakopera foda, kenako ubuntu unaika pa fulashi yomweyo?

13:26 Chilungamo: eya. malo analipo, ndi ya 32gb

13:28 Gracian: (uthenga wa mawu, 0:31) Chilu... pulogalamu yoika ubuntu pa fulashi imayamba yasesa zonse zili pamenepo. Zonse. Imachenjeza kaye. Backup yako inapita nthawi yomweyo. Ndiye lero mwasesanso disiki. Aaa iwe.

13:30 Chilungamo: kanabwera ka box, ndinangodina ok. timadina ok nthawi zonse aise

13:31 Gracian: zimitsa pompano. chilichonse ukupanga chikupondereza zakale. mawa 7 koloko undipeze pa geti, ndiyesa recovery

13:32 Chilungamo: zibwerera eti?

13:40 Chilungamo: Gracian

13:52 Gracian: sindikulonjeza. nanenso ndinalakwa, ndikanafunsa kt fulashi yake iti

Chilungamo ndi Jane

15:10 Jane: chithunzi chija?

16:02 Jane: Chilu

16:30 Chilungamo: magetsi anazima achemwali, laputopu siyaka popanda magetsi

16:31 Jane: kuno ayaka 3 koloko. si laini imodzi?

17:15 Jane: ndawapempha, akuti adikira mpaka mawa 12. usandichititse manyazi pamaso pa akuchimuna, akundinena kale kt ndinagawa katundu wa malemu chaka chisanathe

17:48 Chilungamo: mawa mamawa

LACHINAYI

Chilungamo ndi Gracian

07:20 Gracian: ndailumikiza, yayamba kufufuza. khala pa magolosale kunjako, opanda pass salowa

09:05 Chilungamo: bwnj

09:06 Gracian: 40%

09:40 Chilungamo: usiku sindinagone. ndimangowaona alamu akundiphunzitsa kuyendetsa njinga yamoto

10:55 Gracian: yamaliza

10:55 Chilungamo: nde?

10:58 Gracian: mafailo 3,000 koma ambiri ndi tizithunzi ta windows. ma invoice a ntchito yawo atuluka bwinobwino. nyimbo za kwaya zinayi

10:58 Chilungamo: mavidiyo?

10:59 Gracian: awiri. sakutseguka. ndayesa ma player atatu

10:59 Chilungamo: zithunzi

11:03 Gracian: zisanu ndi chimodzi. zinayi ndi za galimoto ina yogulitsa. chimodzi mbuzi

11:03 Chilungamo: chinacho

11:05 Gracian: (chithunzi)

11:05 Gracian: chatseguka chakumtunda chokha. malata, nthambi ya mango, tsitsi ndi chipumi. kuyambira m'maso kutsika ndi phulusa lokhalokha

11:06 Chilungamo: ndi chomwecho. ndi pakhonde pawo. ndi cha shati yabuluu

11:07 Chilungamo: yesanso aise chonde, pulogalamu ina

11:09 Gracian: ndayesa ziwiri. magetsi aja anasokoneza, erase inamaliza, ubuntu inakhala pamwamba. ngakhale upite nayo mtauni akuuza zomwezi

11:10 Gracian: achibale alibe zina? pa fb?

11:12 Chilungamo: sankafuna za fb. foni ya achemwali inabedwa pamaliro. chilipo cha gulu ku tchalitchi, ali kumbuyo, nkhope ngati njere ya nyemba

11:13 Gracian: auze. 12 yayandikira

11:13 Chilungamo: ndiyambira pati

11:14 Gracian: poyambira pomwe. usanamizirenso magetsi

Chilungamo ndi Jane

11:02 Jane: ndili ku Lunzu pa osindikiza. ndikudikira

11:29 Chilungamo: (uthenga wa mawu, 0:58) Achemwali, ndalakwa. Ndimaika pulogalamu ya kusukulu mu laputopu, ndiye... foda ya alamu yafufutika. Ndinakopera, Mulungu akudziwa ndinakopera, koma pomwe ndinakoperapo panafufutikanso. Dzulo ndinakunamizani. Mnzanga wa ku eyapoti wayesa kubweza, zakanika. Zithunzi, mavidiyo, palibe chatsala. Pepani achemwali. Mundipange chilichonse.

11:30 (Jane wamvera)

11:41 Chilungamo: achemwali

11:50 (Chilungamo waimba, foni yadulidwa)

12:15 Chilungamo: chatsala chimodzi cha theka lokha, nditumize?

12:16 Chilungamo: ndikukwera minibasi ndikupezeni ku Lunzu

12:47 Jane: usabwere

12:48 Jane: ndinali ndi ID yawo m'chikwama. ajambula cha pamenepo. chikhala pa mwala ndi chimenecho

12:49 Chilungamo: pepani achemwali. pepani

13:20 Jane: loweruka ubwere, unyamule mipando ngati wina aliyense. apongozi usawauze kanthu, ndinena kt ndasankha ndekha

13:21 Chilungamo: chabwino

13:34 Jane: ine nkhope ndikuikumbuka, sindidandaula za ine

13:35 Jane: mavidiyo aja sindinawatsegulepo chimwalirireni, mtima umakana. ndimasungira Tiko kt akadzakula adzaonere tili awiri

13:35 Jane: ali ndi zaka ziwiri Chilu. mawu a bambo ake adzawamva kuti?

13:36 (Chilungamo akulemba...)

13:44 (Chilungamo akulemba...)