Chitini cha ku Vubwi

Lolemba, 5 Okutobala 1987. Kumudzi, Sinda

Tamuika mwana wa Anna lero. Kutsekula m'mimba. Si woyamba m'mudzi muno chiyambire kutentha.

Pa siwa ndinakhala pakati pa amayi anzanga. Mmodzi ananyamuka, kenaka wina. Ndinatsala ndekha pamphasa yonse. Kumbuyo kwanga mawu, osanong'ona n'komwe: "Si uja wa m'kanema? Tonse tinamuona akuthira mankhwala m'phala la mwana."

Anaonadi. Chaka cha 1971. Ndinasewera mfiti, tsitsi lopaka phulusa, ndipo galimoto ya kanema inayenda nacho chithunzicho mudzi ndi mudzi kwa zaka. M'phalamo munali makala osinja basi. Kamwana kaja pano ndi mnyamata wamtali ku Kabwe.

Ndinabwera kuno chaka chatha, amuna anga a Fanwell atamwalira. Ndimati ndipume, ndizilima nsawa. Kupuma kwake n'kumeneku.

Lachinayi, 8 Okutobala

A Enock, mkulu wa mpingo, abwera m'mawa. Chipewa m'manja, maso pansi. Akuti ndiyambe ndaleka kudya Mgonero mpaka mitima ya anthu izizire. "Ife sitikhulupirira zimenezo, aNambewe, koma mpingo ndi anthu." Madzi amene ndinawapatsa sanamwe.

Masana alongo anga a Samson. Akuti bwererani ku Lusaka, Petro walusa. Petro ndiye bambo wa mwana uja. Akukumbutsa anthu pa mowa kuti denga langa ndi la udzu.

Sindipita. Pano ndi pa amayi anga. Mchombo wanga anaukwirira pano.

Moyo wanga wonse ndi masewero. Pa tivi ndinakhalapo nesi, wogulitsa tomato, mkazi wa wapolisi, apongozi olongolola. Koma kuno tivi anaionera kuti? Amangodziwa phulusa lija. Kunalinso kanema wina, wa 1978, wa azamba. Azambawo ndinali ine. Kusamba m'manja, kuwiritsa madzi, kuthamangira ku chipatala ndi mwana wodwala pa njinga. Ameneyo sanayende kwenikweni, mafuta a galimoto anali atayamba kusowa.

Ndimufuna mpaka ndimupeze. Ngati amakhulupirira za pansalu, aone zonse zimene nsaluyo imanena za ine.

Lachiwiri, 13 Okutobala. Katete

Ku ofesi ya boma ya zofalitsa nkhani, kalaliki waulemu koma wopanda chondithandiza. Galimoto ya kanema ili kuseri, pa njerwa, nkhuku zikuikiramo. Zitini za mafilimu akuti zinamwazika kalekale.

Wandilozera kwa a Wahabu, asitolo. Ali ndi makina oonetsera kanema ndi kainjini kake, Loweruka amaonetsa za nkhonya. Andimvetsera mpaka kumapeto, osaseka. Akuti amene ankayendetsa makina a pa galimoto ija ndi a Valentino, anapuma ntchito, ali kwawo ku Vubwi, ndipo zitini zikamatayidwa ankatola. "Mukachipeza, mayi, makina ndibwera nawo ndekha kumudzi kwanu."

Akazi awo a Hamida anatulukira ndi tiyi, n'kuima chilili. "Inu si munkagulitsa tomato pa tivi? Ndinakuonani kwa akulu anga ku Matero. Munagenda mwini nyumba ndi tomato wowola!" Anaseka mpaka tiyi kutayikira m'mbale. Sewero loonetsedwa kamodzi kokha. Ine mwini ndinali nditaliiwala.

Ndalira m'sitolo ya eni, pakati pa matumba a mchere. Manyazi.

Lamulungu, 18 Okutobala

Ku tchalitchi ndapita. Benchi la kumbuyo. Ndaimba mokweza kuposa onse.

Pachitsime amadikira ndichoke, kenaka amatsuka ndowa yotungira ndi mchenga.

Mbuzi yanga yaikazi ndagulitsa ku butchala ku Sinda, a pano sakanaikhudza. Mtengo woipa. Yopitira ikwana, yobwerera tidzaona.

A Samson akuti azigona pakhonde langa ine kulibe. "Ndinu ouma mutu ngati amayi." Ndathokoza zonse ziwiri.

Lachinayi, 22 Okutobala. Vubwi

Lole ya chimanga mpaka Chadiza, kuchoka apo ya feteleza. Msana wonse ukuwawa. Asilikali panjira, kutsika, kuonetsa reji, chiphaso cha boma chija, kukweranso. Anthu othawa nkhondo ku Mozambiki ali m'mbali mwa msewu, mitolo pamutu, ana osalira n'komwe. Ndinachita manyazi ndi vuto langa. Pang'ono chabe.

A Valentino akalamba, diso limodzi lachita ng'ala. Andizindikira ndisanapereke moni. "Amfiti athu! Ndadya nanu fumbi la chigawo chonse ine!" Anaseka kwambiri. Nditawafotokozera chimene ndadzera, analeka. "Ndiye kuti ndine ndinakupachikani, mayi." Ndati ayi, inali ntchito. Yanga ndi yawo.

Zitini zili pansi pa bedi. Zivundikiro zina akazi awo amamwetseramo nkhuku. Tinazitulutsira pabwalo, kutsegula chimodzichimodzi, kukoka filimu pang'ono, kuyang'ana padzuwa. Za thonje. Za katemera wa ng'ombe. Za kukumba zimbudzi. Maso anayamba kulira okha.

Dzuwa litapendeka: mayi wa duku loyera, wamng'ono ngati nyerere, akusamba m'manja pa beseni. Ine.

Fungo lowawasa ngati viniga. Koyambirira kwamatana. Ndalama akana, akuti tengani n'chanu. Akazi awo andikulungira chinangwa chophika cha panjira. Chitini ndachimanga pachifuwa ndi chitenje ngati mwana.

Loweruka, 24 Okutobala. Katete

Tsiku la Ufulu. Kunja ng'oma, ana asukulu akuguba. Ife m'chipinda cha katundu, mazenera otseka ndi masaka. A Wahabu adula pomatana paja, alumikiza. Chithunzi chatuluka. Mizere ngati mvula, koma nkhope zikuoneka.

Mawu palibe. Phokoso lokha ngati chigayo. Ayesa uku, ayesa uku, thukuta kamukamu. Akuti mbali ya mawu inadyeka, palibe angaikonze. Azimitsa tisanafike ndi pakati pomwe, kuopa filimu ingaduke.

Ndinangokhala pa thumba la shuga. Ulendo wonse uja. Mbuzi yanga.

A Hamida ali pakhomo: "Nanga mwini mawu si muli pompano?"

Zoona. Ndili pompano.

Lachisanu, 30 Okutobala. Kumudzi

Ndikuyeseza kumunda, khasu m'manja. Mawu ena abwerera okha, ena ndikupeka. Ndiyenera kulankhulanso mawu a mayi wa mwana, a bambo wake, a dokotala. Onsewo pakamwa pamodzi. Amayi awiri opita kunkhuni andipeza ndikukalipira chulu ndi mawu achimuna. Athawa, nkhwangwa kusiya. Nkhani yawonjezeka. Zilibe kanthu.

A Samson apempha shedi ya thonje. Komiti inavuta, kenaka yalola, poti kanema waulere amamufuna aliyense. Petro akuti mkazi wake sapondako.

Sopo watha. Duku loyera ndachapa ndi phulusa.

Loweruka, 7 Novembala

Ndilembe ndisanaiwale.

A Wahabu afika masana pa vaneti, monga ananenera. Masaka m'mazenera, nsalu ya pabedi ya a Hamida pakhoma. Shedi yodzaza, kutentha koopsa. Ndinaima pambali pa nsalu, duku kumutu. Nkhope yanga itatuluka, yaikulu ngati chitseko, ana anakuwa, amayi ena kuthamangira kukhomo. Ndinayamba pomwepo: "Odi kuno! Mwanayu wayamba liti?" Mawu aja a azamba, okhuthala, osapupuluma. Anaima. Wina anaseka. Anabwerera kudzakhala pansi.

Zinayenda. Pamene azamba akukalipira bambo wokaniza njinga yake, amayi anaomba m'manja, wina mpaka nthungululu.

Kenaka mbali imene sitinaione ku Katete. Pa chipatala, pamzere wa odwala, mwamuna wa malaya a mizere, chipewa m'manja. A Fanwell. Tsiku limenelo anangondiperekeza, ojambula n'kuwaimika pamzere kuti anthu aoneke ambiri. Ndinali nditaiwaliratu. Anatembenuka, kuyang'ana kuno, kumwetulira cham'mbali monga ankachitira. Mawu anandithera. Pansalu ine ndikutsegula pakamwa, pansi pano ine duu. Shedi yonse zii, kainjini kokha panja.

A Samson ndiwo ananena mumdimamo: "Awo ndi alamu anga, malemu." Mayi wina anati pepani. Sindidziwa kuti ndani. Ndinayambanso kulankhula, ndinamaliza mpaka mwana wa pansalu atayamwa.

Potuluka ena andipatsa moni, ena ayi. Petro anali panja, sanalowe. "Mwaona nokha? Amasanduka. Lero azamba, mawa mfiti." Alipo amene anavomereza.

Lamulungu, 8 Novembala

Benchi la kumbuyo lomwe lija. A Enock akuti akulu a mpingo adzakhalanso pansi mwezi wa mawa. Adzakhale.

Uthenga wa a Wahabu: a ku Mkaika, kwa mfumu yaikulu, amva, akufuna tikaonetse kumeneko. Ndavomera. Pakhosi pakuwawa, mawu asasa. Apola.

Lachiwiri, 10 Novembala

Mvula yoyamba dzulo. Ndimati lero ndibzale nsawa.

Anna wabwera m'mamawa, wadzera kuseri. Sindinadziwe kuti Loweruka analimo m'shedi, akuti anafunda chitenje kumutu. Kumbuyo wabereka mwana wake wotsalayo, mtsikana, maso alowa m'kati. Wayamba kutsekula m'mimba dzulo masana. Petro wapita kutsidya kukaitana sing'anga.

Sanapepese. Sanandiyang'ane kumaso. "Njinga ya a Samson ilipo?"

Ndamuuza kuti ine si azamba, ndinangosewera. Akuti akudziwa. Akuti yekha akuopa.

Madzi ndawiritsa, ali m'botolo, mwana wamwako pang'ono. A Samson akupopa tayala kuti tithamangire ku chipatala, aziyenda naye Anna pakaliya, ine ndibereke mwana poti mayi wake watopa, tizisinthana kukwera. Mtsinje mwina wadzaza. Mwanayu akatisiya panjira ali kumsana kwanga, nyumba ino aitentha. Ndikudziwa. A Samson nawonso anena, kawiri.

Tipita. Anna akundiitana. Nsapato zanga zakuda zili kuti?